A Manol ndi Bwinja la Bambo Awo

Makalata onse amene anakalambitsa a Manol Kisyov ndinawanyamula ndine, Shinka. Ndagawa makalata m'mudzi wa Vrisovo muno kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo envelopu ya boma ndimaizindikira ili m'chikwama momwemo: yopepuka, yotuwa, chidindo pakona. Kwa a Manol ndinapititsako maenvelopu otere khumi ndi anayi m'zaka zinayi. Palibe kalata imene ndinalemba ine, koma masiku ena ndinkachita manyazi kugogoda pakhomo pawo, ngati wolakwa ndine.

A Manol anabadwa mu 1949 kumtunda kwa mudzi, m'nyumba ya bambo awo. Sukulu anaisiyira panjira n'kuyamba kutsatira amalume awo, amene anali mmisiri wofolera nyumba ndi mapale a mwala. Ntchito imeneyi ndiyo anakalamba nayo. Ankapita okha kuphiri kukang'amba mwala, kuutsitsa pa nyulu, n'kuyala mapalewo padenga limodzilimodzi, aakulu m'munsi, aang'ono kumwamba, popanda msomali kapena simenti. Mukaima pa mlatho n'kuyang'ana mudzi wathu, theka la madenga amene mukuwaonawo anadutsa m'manja mwawo. Ndi munthu wamfupi, wamapewa aakulu, ndipo chala chachikulu cha kumanzere chinaphwanyika kalekale n'kupola chophwatalala ngati supuni. Salankhulalankhula. Akakwiya, makutu ndiwo amayamba kufiira, mawu amabwera pambuyo.

Nyumba ya bambo awoyo inagwa m'nyengo yozizira ya 1978. Makolo anali atamwalira, ndipo a Manol anali atakwatira a Rusa n'kumakhala kumunsi m'mbali mwa mtsinje, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Chipale chofewa chinaunjikana padenga la nyumba yopanda munthu ija, mtanda waukulu n'kuthyoka. Panangotsala zipupa zofika m'chiuno, mkati n'kumera khwisa.

Kutatsala zaka ziwiri kuti nyumbayo igwe, boma linalengeza kuti kumtunda konse kwa Vrisovo ndi malo a mbiri yakale, ndipo munthu asasinthe chilichonse popanda chilolezo. Ndinene apa kuti a Manol sankadana nalo lamulo limeneli. Ankalikonda kuposa tonsefe. Mnansi wawo wina atafolera khola lake ndi malata, a Manol anatha chaka osamupatsa moni. Ankati malata pa chipupa cha mwala ali ngati dzino lagolide m'kamwa mwa mbuzi. Ndiye aliyense amene anganene kuti madalawa ankafuna kuipitsa mudzi, abwere adzandiuze ine pamaso.

Nkhani inayamba pa Isitala ya 2013. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nevena, anabwera kuchokera ku Germany, kumene ankachapa nsalu za pahotela pamene mwamuna wake, Plamen, ankayendetsa lole. Anali ndi ana awiri, wamkulu wa zaka zinayi. Tsiku lina akusenda mbatatesi pakhonde, Nevena anauza mayi ake kuti watopa ndi dziko la eni, ndipo kukanakhala nyumba yoti n'kukwanamo, akanabwerera mwana wamkuluyo asanayambe sukulu. A Manol anali chapafupi akunola tchizulo. Madzulo ake anakwera kumtunda ndi chingwe choyezera, ndipo atabwerako anauza Nevena kuti awapatse zilimwe ziwiri zokha. Nthawi imeneyo anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, mawondo adakali bwino.

Lolemba lotsatira anavala jekete ya kutchalitchi n'kukwera basi ya m'mawa kupita ku khonsolo ya m'tauni. Anatenga pulani imene anajambula okha ndi pensulo papepala lolimba la thumba la laimu: zipinda zitatu kumwamba, khitchini ndi bafa pansi, miyezo yonse italembedwa m'mbali. Mtsikana wa pa kauntala analigwira pepalalo ndi zala ziwiri.

"Agogo, ichi n'chiyani?"

"Nyumba."

"Ife timafuna pulani yojambulidwa ndi munthu wophunzira, yokhala ndi chidindo."

A Manol anati anamva anthu a pamzere akuseka chapansipansi. Anapinda pepala lawo n'kutuluka. Anapeza wojambula mapulani m'tauni momwemo, bambo wina wonenepa wa ndevu zaimvi, amene anakopera pulani yawo ija pafupifupi osasintha kanthu, n'kudindapo chidindo chake. Atabwerera nayo ku khonsolo, anawauza kuti iwo sangaione n'komwe kufikira itavomerezedwa ndi ofesi yoona za zinthu zakale ku likulu. Mapepala anatumizidwa mu Juni. A Manol, poganiza kuti yankho libwera pakatha mwezi, anayamba kutsitsa miyala kuphiri.

Kalata yoyamba ndinabwera nayo mu Disembala, chipale chili m'mawondo. Ndinawapeza ali pafupi ndi mbaula akukonza chigwiriro cha nyundo. Anati ndiwawerengere, magalasi awo ali kutali. Ndinawerenga kamodzi chamumtima, kenako kachiwiri, chifukwa ndinkaganiza kuti sindikumva. Kalatayo inkati pempho lomanga nyumba yatsopano lakanidwa, popeza pamalopo pali kale nyumba ya nsanjika imodzi, yolembedwa m'kaundula wa 1976 ngati chinthu cha mbiri yakale, ndipo siiloledwa kugwetsedwa.

"Akuti nyumba ya bambo anu idakalipo," ndinatero.

"Ilipo?"

"Malinga ndi bukhu lawo."

"Ndiye a Shinka, muwalembere andipatse kiyi. Ndikagonemo lero."

A Rusa anaseka, koma ataona makutu a amuna awo analeka. Munthu amene analemba kalatayo anali asanapondepo m'mudzi muno. Anangotsegula bukhu la zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo n'kukhulupirira bukhulo. Panapita miyezi isanu, zithunzi za bwinja zikupita, makalata akubwera, kuti ofesiyo ivomereze kuti nyumba inagwadi. Koma itavomereza, inabwera ndi zina. Inati popeza nyumbayo ili m'kaundula, a Manol sakumanga yatsopano ayi, akudzutsa yakale, choncho iyenera kufanana ndendende ndi mmene inalili. Atumize umboni wa maonekedwe ake.

A Manol analemba okha, masamba anayi. Anafotokoza pamene panali chitseko, kuchuluka kwa masitepe, zenera limene mayi awo ankayanikapo tsabola, mtanda umene anagundapo mutu atakula. Munthu wobadwira m'nyumbamo! Yankho linati zokumbukira za mwini malo si umboni, pakufunika chithunzi kapena pulani yakale. Kodi m'mudzi muno mu 1950 ndani anali ndi kamera yoti azijambula makhoma? Tinayenda khomo ndi khomo, ine ndi a Rusa, kutsegulitsa anthu mabokosi a nsapato odzaza zithunzi za maukwati ndi maliro. Pamapeto pake tinapeza chimodzi kwa mayi wina wamasiye: chithunzi cha ukwati wa azakhali a a Manol. Kumbuyo kwa mkwatibwi ndi oimba kunkaoneka kona ya nyumba, mazenera awiri ndi mlomo wa denga. Ku likulu anachilandira. Kona imene inagwera mwangozi kumbuyo kwa mkwatibwi inakhala ndi mphamvu kuposa munthu amene anagona m'nyumbamo zaka makumi awiri.

Apa ndi pamene panabwera nkhani ya siling'i, imene inadya chaka ndi theka. Kuchokera pachithunzi chija, a ku likulu anawerengera kutalika kwa nyumba, n'kulamula kuti zipinda zapansi zisapitirire mita imodzi ndi masentimita makumi asanu ndi anayi. Ndi mmene zinalilidi, chifukwa kale pansipo pankagona nkhosa. Wojambula mapulani anakonza, a ku likulu anavomereza, a Manol n'kupita nayo pulaniyo ku khonsolo akumwetulira. A khonsolo anaikana. Anati lamulo la zomangamanga sililola khitchini kapena bafa m'chipinda chosafika mamita awiri ndi theka. Akweze siling'i. Atakweza, a ku likulu anakana. Atatsitsa, a khonsolo anakana. A Manol anapempha kuti maofesi awiriwo alankhulane okha, poti onse ali ndi mafoni. Anauzidwa kuti si ntchito ya ofesi kuimbira ofesi inzake, ndi udindo wa wopempha kubweretsa pulani yovomerezeka.

Ndipo mapepala ena amaola ngati tomato. Kalata ya malire a malo imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi basi. Ya madzi chimodzimodzi, ya magetsi chaka. Yankho la ku likulu likamafika, limodzi mwa mapepala amenewa limakhala litatha mphamvu, ndiye a Manol ankayambiranso: basi ya sikisi koloko, mzere, kauntala, bwerani Lachinayi. Kalata ya malire anaitenga kasanu. Malirewo ndi chipupa cha mwala chimene sichinasunthe chiyambire nthawi ya agogo awo.

Kuyambira chaka choyamba chomwe, a Manol ankanena kuti vutoli ndi losavuta. Ankati kunja nyumba ikhale mmene inalili, koma mkati akumbe pansi masentimita makumi asanu ndi limodzi, poti pansipo panali ndowe ya nkhosa ya zaka zana, osati thanthwe. Anauza wojambula mapulani, amene anati a ku likulu sangalole. Anauza mtsikana wa pa kauntala, amene anati alembe. Analemba, koma kalata imeneyo sinayankhidwe.

Nthawi yonseyi Nevena ankaimba foni Lamlungu lililonse. Poyamba ankafunsa za nyumba. Kenako ankangofunsa za thanzi ndi nyengo, ndipo a Rusa anandiuza kuti zimenezi zinkawapweteka a Manol kuposa kufunsidwa. Anasintha madala aja. Anasiya kubwera kusitolo kudzasewera makadi. Ankakhala patebulo ndi chikwatu cha mapepala, akuwerenga mokweza mawu amene sankawamva, n'kumawatukwana limodzilimodzi. Tsiku lina anakalipira a Rusa chifukwa choika mphika wa nyemba pafupi ndi chikwatucho, chinthu chimene sanachitepo m'zaka makumi anayi za banja lawo.

M'chilimwe cha 2015 kunabwera chindapusa. Mumng'alu wa chipupa cha bwinja munali mutamera mtengo, ndipo mizu yake inkakankha miyala ya pakona, kona yomwe ija ya pachithunzi. A Manol anaudula, n'kubwezera miyala itatu imene inagwa. Woyendera malo wina akudutsa ndi galimoto anaona chitsa chatsopano ndi mulu wa mapale pambali, n'kujambula. Kalata inati a Manol agwira ntchito pa chinthu cha mbiri yakale popanda chilolezo. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri bwinjalo linkagumuka mwala ndi mwala, boma osatumiza ngakhale munthu wodzalira maliro. Tsiku limene mwini wake analetsa kugumukako ndi limene anakhala wolakwa. Analipira, koma sanapite okha. Anatuma a Rusa, chifukwa anati akapita iwo akamangidwa ndi mlandu wina waukulu.

Pomaliza, mu Epulo 2016, munthu wa ku likulu anabwera. Anali mayi Arnaudova, amene dzina lawo linkakhala pansi pa makalata ambiri aja. Tinkayembekezera chilombo, koma m'galimoto munatuluka mayi wochepa thupi, wa zaka za m'ma makumi anayi, wotopa, nsapato zosayenera njira zathu. Anati ali anthu atatu okha oyang'anira midzi yoposa makumi asanu. Ine ndinalipo chifukwa a Manol anandipempha kuti ndikhale mboni. Anati sakhulupiriranso mawu olankhulidwa pawiri.

Mayiwo analowa m'bwinjamo, anayeza, anaponda pansi ndi chidendene. Kenako ananena, ngati munthu amene wangotola nzeru panjira, kuti bwanji osakumba pansi mkatimo kuti siling'i italike, kunja kukhale chimodzimodzi. A Manol anatsegula chikwatu chawo, n'kutulutsa kope la kalata yawo ya zaka ziwiri zapitazo, n'kuwapatsa. Mayi Arnaudova anawerenga, nkhope n'kugwa. Anati kalata imeneyi sanaionepo.

Zikanathera pamenepo, bwenzi tsikulo likanakhala labwino. Koma potuluka mayiwo anaima n'kuloza denga la nyumba yoyandikana nayo. Anati denga la nyumba ya a Manol liyenera kukhala ngati limenelo, ntchito ya amisiri a zaka mazana awiri zapitazo, ndipo chithunzi chake chili ngakhale pakhoma la ofesi yawo. Anawonjeza kuti luso lotere linatha, n'chifukwa chake lamulo limafuna kuti ntchito pa nyumba zakale izigwiridwa ndi kampani yokhala ndi satifiketi yokonza zinthu zakale, osati mwini wake.

Makutu a a Manol anafiira psuu. Anapita kuseri, anabwera ndi makwerero, n'kuwatsamiritsa pa nyumba ija.

"Kwerani, mayi."

"Pepani, bambo, sindikuona chifukwa chake."

"Kwerani masitepe anayi okha. Muyang'ane kunsi kwa phale la pakona."

Anakwera, ine nditagwira makwerero. Kunsi kwa phalelo kunali zilembo zogoba ndi tchizulo: M.K. 1987. Mmisiri aliyense kuno amasiya dzina lake pamenepo.

"Zaka mazana awiri," anatero a Manol. "Ndinayala ine denga limeneli, mwana wanga ali ndi chikuku. Mwala ndinasenza pamsana pano chifukwa nyulu inali itathyoka mwendo. Inu mwalipachika pakhoma, mukumwera khofi patsinde pake, n'kumandilembera kuti sindikudziwa nyumba ya bambo anga. Tsopano mukuti ndikaitane munthu wa satifiketi kuti adzandiphunzitse? Satifiketi yanga ndi imeneyo mwaigwirayo."

Anthu anali atatuluka m'makomo. Mayi Arnaudova anatsika pang'onopang'ono, n'kupukuta manja pa siketi. Sanadzikweze, ndiwachitire umboni. Anapepesa, ndipo anati akuchita manyazi. Koma anati lamulo la satifiketi sanalemba iwo ndipo sangalidumphe, apo ayi ntchito iwathera. A Manol anawafunsa kumene amapereka satifiketiyo. Mayiwo anati pamafunika dipuloma ya sukulu ya zomangamanga. A Manol analavula pansi, ananyamula makwerero awo n'kumapita, osatsanzika. A Rusa anali ataphika chitumbuwa cha mbatatesi kuti mlendoyo adye. Tinadya ine ndi a Rusa awiri.

Nkhani yokumba pansi inavomerezedwa patatha miyezi isanu ndi iwiri. Kenako a Manol anayenera kupeza kampani ya satifiketi kuti dzina lake lilembedwe pa chilolezo. M'chigawo chathu chonse munali makampani awiri. Bwana wa imodzi, mwamuna wina dzina lake Zapryan, anabwera ndi galimoto yaikulu, anazungulira bwinja manja ali m'thumba, n'kuuza a Manol moona mtima kuti anyamata ake amadziwa pulasitala ndi matailosi, koma denga la mwala sanaligwirepo. Anafunsa ngati m'mudzimo muli madala wina amene amatha ntchito imeneyi, kuti amulembe ganyu.

A Manol anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka, kuseka kumene sindifuna kudzakumvanso.

Zinachitikadi choncho. Kampaniyo inasaina mapepala ngati omanga nyumba, n'kulemba a Manol Kisyov ngati wantchito wake. Anapatsidwa chipewa cholimba chachikasu ndi kapepala kosaina m'mawa uliwonse. Mwini nyumba, mwini malo, mwini miyala, analembedwa ganyu pa nyumba yake yomwe, pansi pa bwana amene sankadziwa mbali ya phale yoyang'ana kumwamba. Chipewacho a Rusa anadzalamo maluwa.

Chilolezo chenichenicho ndinabwera nacho ine, pa 19 Juni 2017. Inali envelopu ya khumi ndi chinayi. Ndinathamanga nayo kuchokera pa mlatho, mayi wa msinkhu wanga, mpaka kupuma movutikira. A Manol anawerenga okha, anapinda, n'kuika m'chikwatu. Sanatsegule botolo la rakiya, kachasu wawo wa mapulamu amene anali atasungira tsiku limeneli. Anangofunsa a Rusa ngati pali madzi otentha oti anyike mawondo.

Madzulo a tsikulo anaimbira Nevena. A Rusa anandifotokozera mmene zinayendera. Nevena analira. Anati mwana wamkulu ali kale sitandade yachiwiri kumeneko, wamng'ono ayamba mu Seputembala, ndipo onse awiri chiyankhulo chathu amachimva koma amayankha m'Chijeremani. Plamen anali atakwezedwa pantchito. Anali atapeza nyumba yabwinoko pafupi ndi sukulu. Anati, "Ababa, ndinadikira. Mukudziwa kuti ndinadikira." A Manol anati akudziwa, ndipo asalire, si iye wolakwa. Atatseka foni anatuluka panja, anatenga nkhwangwa, n'kuwaza nkhuni zonse za m'nyengo yozizira mu Juni, mpaka a Rusa anachita kuwalanda nkhwangwayo.

Tonse tinkaganiza kuti asiya. Ine ndinawauza ndithu kuti apume, zaka zapita, mawondo atha. Anandiyankha kuti, "A Shinka, ndikasiya ndiye kuti zaka zinayi zija ndinkangoyendera basi." M'mawa wake anali kumtunda ndi fosholo.

Anamanga zilimwe zitatu m'malo mwa ziwiri. Pokumba pansi panayenera kukhala munthu wa ku nyumba yosungira zinthu zakale kuti aone ngati mutuluke za makedzana. Anakhala masiku asanu pampando wopinda, ndipo chimene chinatuluka ndi nsagwada ya nkhosa ndi supuni ya mayi a a Manol. Zipupa anathandizidwa ndi amuna awiri a m'mudzi momwemo. Denga anayala okha, akukwera makwerero chokwawa, bondo lililonse atalimanga ndi nsalu. A Rusa ankaima pansi manja ali pamutu. Zapryan anabwera kawiri konse, kachiwiriko kudzajambula zithunzi zoti akaonetse anthu ena ofuna kampani yake.

Nyumbayo inatha mu Okutobala 2019, ndipo ndi yokongola kuposa zonse za kumtunda. Ndikunena zimenezi mtima ukuwawa. Alendo amaima pamenepo kujambulitsa, ndipo owaperekeza amawauza kuti ndi ya zaka mazana awiri. Nevena ndi banja lake amabwera masabata awiri mu Ogasiti. Ana amathamanga pamasitepe, amakonda khitchini yotsikira pansi ija, kenako amakwera galimoto n'kumapita. Miyezi ina yonse nyumbayo imakhala yokhoma. A Rusa amapita Loweruka kukatsegula mazenera, ndipo m'chipinda chimene chinali cha ana amayanikamo nyemba. A Manol sanagonemo ngakhale tsiku limodzi. Amati masitepe a kumtunda ndi ambiri, koma ine ndikudziwa kuti si masitepe.

Sukulu ya m'mudzi muno inatsekedwa chaka chomwecho, chifukwa ana anatsala asanu ndi mmodzi pomwe boma limafuna asanu ndi atatu. Sindikunena kuti ana awiri a Nevena akanaipulumutsa mpaka kalekale. Ndikungonena kuti zisanu ndi chimodzi kuphatikiza ziwiri ndimatha kuwerenga.

Ine ndinapuma pantchito chaka chatha. A Manol tsopano amayenda ndi ndodo, ndipo mkwiyo wawo sunazirale, unangosiya kuchita phokoso. Pamsonkhano wa mudzi akabwera munthu wa jekete kudzalankhula za kusunga chuma cha makolo athu, iwo amadzuka pakati pa mawu ake, n'kutuluka pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pansi, ndipo palibe amene amawaletsa.

Mwezi wathawu denga la mayi wina wokalamba wa kumtunda linayamba kudontha pamwamba pa bedi lake penipeni. Mwana wake wamwamuna, amene amakhala mumzinda wa Plovdiv, anabwera kwa a Manol mwaulemu kudzafunsa kuti pempho lokonza denga limayambira ofesi iti, poti iwo njira zake amazidziwa. Ndinali pomwepo ndikumwa khofi ndi a Rusa. A Manol anamufunsa zaka za mayi ake. Anati makumi asanu ndi atatu kudza zitatu.

"Ndiye usalembe kanthu," anatero a Manol. "Ubwere Lamlungu m'mawa, oyendera malo sagwira ntchito. Ukwera ndiwe. Ine ndikhala pansi ndizikuuza poika."

Lamlungulo mapale asanu ndi awiri anasinthidwa dzuwa lisanafike pamutu. A Manol anakhala pampando pakati pa msewu, akuloza ndi ndodo, akukalipira mwamunayo kuti wagwira phale chadodolido. Anthu a mumsewu umenewo tonse tinaona, ndipo tikafunsidwa, patsikulo tinali kutchalitchi.